Kodi ndingasiyanitse bwanji nyimbo za Handel ndi za Mozart pongomvetsera?

Funso

Ndimatsogolera kwaya kutchalitchi kwathu, ndipo chaka chino tikuphunzira Hallelujah ya Handel. Mnzanga wina wandiuza kuti nyimboyi ndi ya nyengo ya baroque, pamene Ave verum corpus ya Mozart, imene tinaimba chaka chatha, ndi ya nyengo ya classical, ndipo akuti siziimbidwa mofanana. Ndayesa kumvetsera nyimbo za nyengo ziwirizi pafoni, koma kwa ine zonse zikumveka chimodzimodzi, mavayolini okhaokha. Sol-fa ndimaidziwa bwino, manoti a pamizere ayi. Kodi ndizimvetsera chiyani kuti ndizitha kusiyanitsa?

Yankho

Mayi, mnzanuyo wakuuzani zoona, ndipo ntchito imeneyi muikwanitsa msanga kuposa mmene mukuganizira. Munthu amene amaima patsogolo pa kwaya n'kuzindikira kuti atenala atsika pang'ono ena onse asanamve, khutu lofunikalo ali nalo kale. Vuto ndi loti tonsefe tinazolowera kutsatira mawu apamwamba, chuni chija timatsala tikuching'ung'udza nyimbo itatha. Pamwambapo Handel ndi Mozart amafananadi. Kusiyana kwawo kwagona pa zinthu ziwiri zimene khutu silithamangira kukamva: zimene besi ikuchita pansi, ndi malo amene nyimbo ikupuma. Mukagwira ziwirizi, zina zonse zimene mabuku amandandalika zimabwera zokha.

Tikhazikitse zaka kaye. Baroque imawerengedwa kuyambira cha m'ma 1600, pamene opera, sewero loimbidwa, inkayamba ku Italy, kufikira 1750, chaka chimene Johann Sebastian Bach anamwalira ku Leipzig. Bach ndi Handel anabadwa chaka chimodzi, 1685, onse ku Germany, ndipo Antonio Vivaldi wa ku Venice anabadwa mu 1678. Nyengo ya classical ndi yaifupi, kuyambira cha m'ma 1750 kufika cha m'ma 1820, ndipo likulu lake ndi Vienna, kumene Haydn, Mozart ndi Beethoven anagwira ntchito. Pawailesi ndi pa intaneti dzina loti classical amalipereka kwa nyimbo zonse zakale za ku Ulaya, koma pano ndikunena za zaka 70 zokhazo.

Musanatsegule nyimbo iliyonse, pezani mahedifoni, ngakhale otchipa a pamsika. Sipika ya foni imameza mawu apansi, ndiye kuti theka la zimene ndikufuna mumve silikufika n'komwe m'khutu mwanu. Ndikukhulupirira kuti n'chifukwa chake mukumva mavayolini okhaokha. Komanso musamamvetsere nyimbo yaitali kamodzi n'kupita pa ina. Tengani kachigawo ka mphindi ziwiri kapena zitatu n'kukabwereza kangapo, ulendo uliwonse mukutsatira mawu amodzi okha, monga mumachitira pophunzitsa kwaya gulu ndi gulu.

Yambani ndi nyimbo imene mwina munaimvapo paukwati, Canon ya mu kiyi ya D ya Johann Pachelbel. Imatsegula ndi besi yokha, manoti 8: doh, soh, lah, me, fah, doh, fah, soh. Alembeni papepala. Manoti amenewo amabwerezedwa osasintha mpaka kumapeto, pamene mavayolini atatu akulowa pamwamba motsatizana, iliyonse ikuimba ndendende zimene yoyamba yaimba. Imbani besiyo limodzi ndi oimbawo mpaka nyimbo ithe. Mavayolini akayamba kuthamanga adzakukokani ndipo mudzasochera. Bwererani poyamba, muyambirenso. Tsiku limene mudzafike kumapeto musanataye besi, khutu lanu lidzakhala litaphunzira kukhala pansi pa nyimbo.

Pansipo m'pamene pamakhala basso continuo, chizindikiro chodalirika kwambiri cha baroque. Ndi kagulu kakang'ono mkati mwa gulu lalikulu: cello (vayolini yaikulu ya mawu apansi) kapena bassoon (chida chouzira cha mawu apansi) ikuimba mzere wa besi, ndipo harpsichord, limba kapena lute (chida chonga gitala) ikudzaza makodi pamwamba pake. Wopeka nyimbo ankangolemba besi n'kuika timanambala pansi pa manoti. Woimba harpsichord ankawerenga manambalawo n'kudzipangira yekha za dzanja lamanja pomwepo, monga achitira anyamata a kiyibodi m'matchalitchi mwathu amene amangouzidwa kiyi n'kutsatira kwaya. Besi ya baroque siikhala pamalo amodzi kudikira. Imayenda, noti ndi noti, ili ndi chuni chakechake choti munthu angachiimbe payekha n'kukoma. Mukafuna kuimva ikulira maliro, funani nyimbo yotsanzika ya Dido mu opera ya Henry Purcell yotchedwa Dido and Aeneas. Besi yake imatsika pang'onopang'ono, theka la sitepe ndi theka la sitepe, n'kubwerera pamwamba kuyambiranso, pamene mayi woimbayo akulira mawu ena pamwamba osatsatira malire a besiyo.

Harpsichord muidziwe kamvekedwe kake, chifukwa mukaimva ikung'anima kumbuyo kwa mavayolini mwafika kale pafupi ndi yankho. Imaoneka ngati piyano, koma mkati mwake mulibe nyundo. Kachipande kosemedwa ku nthenga ya mbalame kamakola nsambo n'kuisiya, ndipo mawu ake amatuluka owala n'kuzimirira msanga. Kaya mudinize mwamphamvu kaya mofatsa, mawuwo sakula kapena kuchepa kwenikweni. Ichi chikugwirizana ndi mmene nyimbo za nthawiyo zimakwezera mawu. Oimba mavayolini ndi oimba pakamwa ankatha ndithu kukweza pang'onopang'ono, koma kawirikawiri wopeka nyimbo ankasintha mphamvu powonjezera kapena kuchotsa oimba, moti nyimbo imalumpha kuchoka pofewa kufika pamphamvu nthawi imodzi.

Tsopano za kupuma. Tsegulani chigawo choyamba cha Brandenburg Concerto yachitatu ya Bach, imodzi mwa nyimbo 6 zimene anatumiza kwa mfumu ya chigawo cha Brandenburg mu 1721. Muli mavayolini atatu, maviola atatu (viola ndi vayolini yokulirapo), macello atatu ndi continuo. Gundani phazi pansi motsatira nyimboyo, ndipo yesani kupeza malo oti kwaya ikanapumirapo mpweya pamodzi. Mudzavutika. Mavayolini akamamaliza zonena zawo, maviola amakhala atayamba kale, ndipo iwo asanathe macello alanda. Kanthu kakang'ono ka manoti atatu kamene mwamva poyamba kamapatsidwa kuchoka gulu ili kupita gulu ilo, kukwera, kutsika, osaleka. Mtima wa nyimboyo nawonso susintha. Chigawo chikayamba ndi chimwemwe chimatha ndi chimwemwe chomwecho, ndipo chisoni chimadikira chigawo chakechake. Anthu a nthawi imeneyo ankafuna kuti nyimbo igwire maganizo amodzi n'kuwazamitsa mpaka womvera adzazidwe nawo.

Chimene chimachititsa kuti nyimbo isapume chonchi ndi chakuti mawu onse ndi ofanana udindo. Palibe gulu lobwera kudzangothandiza sopulano. Pachimake pa kalembedwe kameneka pali fugue, ndipo yosavuta kuitsatira ndi fugue yaing'ono ya limba ya mu G minor ya Bach, imene nambala yake ndi BWV 578. Ndi ya mphindi pafupifupi zinayi. Chuni chimayamba chokha pamwamba. Chikatha, mawu achiwiri amalowa ndi chuni chomwecho chapansiko, pamene oyamba aja akupitiriza ndi zina. Kenako achitatu, ndipo pomaliza mapazi a woimbayo amachiimba pansi penipeni. Ntchito yanu ndi imodzi: kwezani chala nthawi iliyonse chuni chija chikabwera. Pakati padzakhala malo amene chasowa, nyimbo ikungoyenda ndi tizidutswa. Dikirani, chibwera, mwina mu kiyi ina.

Mukatero bwererani ku Hallelujah yanu, ndipo mudzaona kuti Handel anaikamo pafupifupi njira zonse za nthawi yake m'mphindi zinayi. Analemba Messiah yonse m'masiku 24 mu 1741, ndipo inaimbidwa koyamba ku Dublin mu April 1742. Hallelujah ndiyo imatseka gawo lachiwiri. Poyamba magulu onse anayi amafuula liwu limodzi nthawi imodzi, makodi okhaokha. Pa mawu oti "for the Lord God omnipotent reigneth" kwaya yonse imasiya kugawana n'kuimba chuni chimodzi, ndipo mphamvu yake imachokera pomwepo, poti mawu anayi asanduka amodzi. Kenako Handel amatenga zinthu ziwirizo n'kuzisanjika: gulu limodzi likuimba chuni chachitalicho, ena akuponya ma Hallelujah afupiafupi m'mipata. Mwadzidzidzi zonse zimatsika pa "the kingdom of this world", mofatsa ngati nyimbo ya m'buku, n'kuphulikanso patangopita kanthawi. Apo ndi pamene mukumva kulumpha kwa mphamvu kuja. Ndiye pa "and he shall reign" pamabwera kalowedwe ka fugue: abesi ayamba, atenala atsatira, kenako aalito, pomaliza asopulano. Pa "King of kings" asopulano amagwira noti imodzi yaitali, n'kukwera sitepe imodzi, kugwiranso, kukweranso, malipenga akuwaperekeza, pansi ena akuthamanga. Onani kuti m'kusinthasintha konseku mtima wa nyimbo ndi umodzi, chigonjetso, ndipo kugunda kwake sikugwedezeka.

Handel yemweyu anyamata a mu kwaya yanu amamumva kawirikawiri osadziwa. Nyimbo yotsegulira masewero a UEFA Champions League, imene Tony Britten anakonza mu 1992, inachokera pa Zadok the Priest, imene Handel analembera mwambo woveka ufumu George II mu 1727. Aseweretseni yoyambirirayo tsiku lina pokonzekera nyimbo. Mavayolini amazungulira mofatsa nthawi yaitali, makodi akusintha pansi, ndipo kwaya ndi malipenga zimagwa nthawi imodzi popanda chenjezo.

Vivaldi ndimutchule mwachidule chifukwa cha chinthu chimodzi, ritornello, kutanthauza chuni cha gulu lonse chimene chimabwererabwerera. Iye ankaphunzitsa atsikana a panyumba yolerera ana amasiye ya Ospedale della Pietà ku Venice, ndipo The Four Seasons inasindikizidwa ku Amsterdam mu 1725. M'chigawo choyamba cha Spring gulu lonse limaimba chuni mwamphamvu n'kuchibwereza pomwepo motsitsa. Ndiye mavayolini atatu amatsala okha kutsanzira mbalame. Gulu lonse limabwerera ndi chidutswa cha chuni chija, kenako mtsinje, chuni chija, mabingu, chuni chija koma tsopano chakhazikika pa lah. Onse, ochepa, onse, ochepa: mukamva kusinthana kotere, chuni chimodzi chikubwererabwerera, muli mu concerto ya baroque.

Nanga zinasintha bwanji? Bach asanamwalire n'komwe, achinyamata anali atatopa ndi kalembedwe kake. Mu 1737 wolemba wina, Johann Adolph Scheibe, anamudzudzula poyera kuti nyimbo zake n'zopiringizika, mawu onse ndi otanganidwa mofanana moti munthu sangadziwe amene akutsogolera. Kwa ine chimene Scheibe ankadandaula nacho ndicho ulemerero wa Bach, koma iye ankanena zimene ambiri ankamva. Omvera anali akusintha. Nyimbo zinayamba kutuluka m'matchalitchi ndi m'nyumba za mafumu kupita m'maholo olowa ndi tikiti, ndiponso m'makomo mwa amalonda amene ana awo ankaphunzira kuimba. Anthu amenewa ankafuna chuni chomveka bwino, chosavuta kukumbukira. Ana a Bach enieniwo ndi amene anatsogolera njira yatsopanoyi. Wamng'ono, Johann Christian Bach, anakakhazikika ku London, ndipo kumeneko mu 1764 anakumana ndi Mozart ali mwana wa zaka 8. Chida nacho chinasintha. Cha m'ma 1700 Bartolomeo Cristofori wa ku Florence anapanga piyano, imene nyundo zake zimamenya nsambo molingana ndi mphamvu ya chala, ndipo pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1700 inali italanda malo a harpsichord.

Kuti mumve zotsatira zake, tsegulani Eine kleine Nachtmusik ya Mozart ya mu 1787. Mu sol-fa chiyambi chake chili chonchi: doh, soh, doh, soh, doh soh doh me soh. Kenako chete. Ndiye fah, ray, fah, ray, fah ray te ray soh. Chetenso. Theka loyamba lakwera, lachiwiri latsika, ndipo n'zofanana kutalika. Loyamba lafunsa, lachiwiri layankha. Mpweya umene munausowa kwa Bach, pano Mozart wakupatsani kangapo m'masekondi ochepa. Nyimbo ya classical imayenda chonchi, m'ziganizo zazifupi zokhala ndi mpumiro, ziwiriziwiri, zinayizinayi, ndipo kumapeto kwa chiganizo chilichonse mumamva bwino ngati nkhani yatha kapena yangoima kaye. Ikaima pa soh ndiye kuti ikubweranso, ikatera pa doh yatha. Werengani kugunda ndi zala ndipo mudzadabwa kuti nambala za 4 ndi 8 zikubwera kangati.

Tsikaninso ku besi. Mudzapeza kuti yasiya kuyenda. Nthawi zambiri ikungobwereza noti imodzi, kapena ikugwira doh kwa kanthawi n'kupita ku soh n'kubwerera. Makodi akusintha mochedwa kuposa kwa Bach, ngakhale pamwamba manoti akuthamanga. Chitsanzo chooneka bwino ndi sonata ya piyano ya Mozart ya mu C, K. 545, ya mu 1788. Dzanja lamanja likuimba doh, me, soh, te, doh ray doh, ndipo lamanzere likungozungulira doh soh me soh, doh soh me soh. Kazunguliridwe kameneka kamatchedwa Alberti bass. Yesani kukaimba nokha monga munaimbira besi ya Pachelbel, ndipo mudzamva kuti si chuni ayi, ndi makodi omwazidwa kuti anyamule chuni cha pamwamba. Harpsichord ija nayo yazimirira m'gulu la oimba, ndipo ntchito yodzaza pakati yatengedwa ndi ma horn ndi ma oboe ogwira manoti aatali. Pambuyo pake clarinet nayo inalowa.

Mwina mungaganize kuti pamenepa nyimbo yasauka. Sichoncho. Chuma chimene baroque inaika m'kulukana kwa mawu, classical inachisamutsira m'ulendo wa makiyi ndi m'kusinthasintha kwa mtima, ndipo pano sol-fa yanu ikuthandizani kwambiri. Bwererani ku Eine kleine Nachtmusik, mumvetsere chigawo choyamba chonse. Chayamba molimba mu G. Mphindi imodzi isanathe mudzamva fe akulowa m'malo mwa fah, chizindikiro chimene mumachidziwa kale choti soh wasanduka doh watsopano. Nyimbo imaima pang'ono, ndipo pamabwera chuni china chofewa, chachisomo, chosiyana kotheratu ndi choyamba chija, mu kiyi ya D. Gawo lonseli limabwerezedwa kuti mulisunge m'mutu. Kenako pamabwera gawo lapakati, limene limatenga zidutswa za zimene mwamva n'kuziyendetsa m'makiyi achilendo, moti doh wanu amakusowani. Mu nyimbo iyi gawolo ndi lalifupi kwambiri. Ndiye chiyambi chija chimabwerera mu G, ndipo chuni chofewa chija chikabweranso, sichipitanso ku D, chimakhala mu G momwemo. Kamangidwe kameneka ndi sonata form, ndipo mudzakapeza m'zigawo zoyamba za pafupifupi symphony (nyimbo ya gulu lalikulu la zida), sonata (ya chida chimodzi kapena ziwiri) ndi quartet (ya zida zinayi) iliyonse ya nthawi imeneyo. Musavutike kuloweza mayina a magawo ake. Dzifunseni mafunso awiri okha pomvetsera: kodi tikadali kwathu pa doh woyamba uja, nanga chuni ichi ndachimvapo kale? Mukazolowera, pitani ku Symphony nambala 40 ya Mozart, kumene gawo lapakatilo limatenga kachuni ka manoti atatu kodandaula n'kukazunguza mpaka munthu kugwira mpweya. Ndi nyimbo imene ndimaikonda kuposa zonse za Mozart, ndipo imatsutsa aliyense woganiza kuti nyimbo za nyengoyi n'zokoma chabe.

Popeza nyimbo yayamba kulonjeza zimene zikubwera, wopeka angathenso kuswa lonjezolo, ndipo katswiri wa zimenezi anali Joseph Haydn, amene anatumikira banja la Esterházy zaka pafupifupi 30 kuyambira 1761. M'chigawo chachiwiri cha Symphony nambala 94, imene inaimbidwa koyamba ku London mu 1792, chuni ndi cha ana: doh doh me me soh soh me, fah fah ray ray te te soh. Chimabwerezedwa motsitsa kwambiri, ndipo pamene khutu lakhazikika, gulu lonse ndi ng'oma limamenya kamodzi mwamphamvu. Kudzidzimuka kumeneko kumatheka chifukwa ziganizo zolinganazo zakuphunzitsani kuyembekezera. Mverani ndiponso kukwera kwa mawu kwapang'onopang'ono, gulu lonse likukula kuchoka pa kunong'ona mpaka kufuula. Gulu la oimba la ku Mannheim, pansi pa Johann Stamitz, ndi limene linatchuka nako cha m'ma 1750, ndipo kuyambira pamenepo kunakhala chida cha aliyense.

Zonsezi zikukhudza mmene muimbitsire kwaya yanu. Mu Hallelujah musalole asopulano kulamulira. Gulu lililonse likamalowa ndi chuni lilowe momveka, ndipo lina likalowa, loyambalo litsike pang'ono kuti lipereke mpata. Abesi muwapatse nthawi yochuluka pophunzitsa, chifukwa iwo akachedwa nyimbo yonse imalemera. Liwiro mulisunge limodzi, osathamangitsa pamene mawu akwera kapena kukoka pamene atsika. Ma Hallelujah afupiafupi aja akhale opepuka ndi odulidwa bwino, chifukwa mipata ya pakati pawo ndi imene imalola chuni chachitali kumveka. Ave verum corpus imafuna zosiyana. Mozart anailemba mu June 1791 ku Baden, pafupi ndi Vienna, miyezi yochepa asanamwalire, ndipo anailembera mnzake Anton Stoll, amene ankatsogolera kwaya ya tchalitchi cha kumeneko. Nayonso ili mu D ngati Hallelujah, choncho kuziimba motsatizana kudzaphunzitsa oimba anu zambiri. Umo asopulano ndiwo anyamula chuni ndipo ena atatu amayenda nawo limodzi, onse akupuma pamodzi. Chiganizo chilichonse chili ndi pokwera ndi potera pake, ndipo poterapo pafewe, pasamenyedwe. Malangizo a mphamvu amene Mozart analemba ndi amodzi okha poyambirira, oti iimbidwe ndi mawu otsitsa. Chidwi chonse chili pa makiyi: theka loyamba limathera mu A, ndipo pa mawu onena za nthiti yolasidwa nyimbo imapatukira ku kiyi yakutali, kuwala kwake n'kusintha. Oimba akadziwa kuti malo amenewo akubwera, amawasamala.

Posankha zomvetsera mudzakumana ndi chinthu chimene chingakusokonezeni. Nyimbo imodzimodzi ya Bach kapena Handel imamveka yotsika ndi theka la sitepe m'zojambula zina. Foni yanu ilibe vuto. Magulu oimba ndi zida zopangidwa mwakale, zansambo za matumbo a nkhosa, amakonda kutsitsa noti ya A, kuti nsambo izinjenjemera ka 415 pa sekondi m'malo mwa ka 440 ka masiku ano. Pophunzira ndikulangizani magulu amenewa, chifukwa oimba amakhala ochepa ndipo mawu apakati ndi continuo zimamveka bwino. Pa YouTube palinso makanema oonetsa manoti akuyenda limodzi ndi nyimbo. Ngakhale simuwerenga manoti a pamizere, diso lidzaona kuti kwa Bach mizere yonse yadzaza mofanana, pamene kwa Mozart wapamwamba ndi wotanganidwa ndipo yapansi ili ndi mipata.

Malire a 1750 musawatenge ngati khoma. Mu 1782 Mozart ankapita Lamlungu lililonse kunyumba kwa Baron van Swieten ku Vienna, kumene ankaimba nyimbo za Bach ndi Handel, ndipo kalembedwe kake kanazama kuchokera pamenepo. Mu 1789 anakonzanso Messiah yonse, n'kuwonjezera zitoliro, ma clarinet ndi zida zina zouzira. Funani Hallelujah ya m'makonzedwe a Mozart amenewo, imene kawirikawiri imaimbidwa m'Chijeremani, muimvetsere motsatizana ndi ya Handel mwini: manoti a kwaya ndi omwewo, chovala n'chimene chasintha. Haydn naye anamva nyimbo za Handel ku Westminster Abbey mu 1791, ndipo makolasi a The Creation ya mu 1798 akusonyeza zimene anatengako. Choncho mukamva fugue musafulumire kunena kuti ndi baroque. Onani zimene zaizungulira, ngati nyimbo ikupuma, ngati mtima ukusintha, ngati harpsichord ilipo.

Mayeso abwino a zonsezi ndi chigawo chomaliza cha symphony yotsiriza ya Mozart, nambala 41, ya mu August 1788. Chimayamba ndi manoti anayi aatali, doh, ray, fah, me, ndipo chimayenda mwa classical ndithu, ndi ziganizo zake, mipumiro yake ndi ulendo wopita ku soh. M'njiramo Mozart amaponyamo timachuni tina tinayi, kamodzikamodzi. Pafupi ndi mapeto, m'mphindi yomaliza, amatenga tonse tisanu n'kutiimbitsa nthawi imodzi, tikusinthana kuchoka ku mabesi kufika ku mavayolini. Ulendo woyamba tsatirani doh, ray, fah, me yekha, mukukweza chala monga munachitira pa fugue ya Bach, ndipo timachuni tinato muzitiwonjezera kamodzi pa ulendo uliwonse wotsatira.